Kuloweza Sindiko Kudziwa

Ife aphunzitsi tidziwa kuti mwana akhoza kuloweza phunziro lonse pamtima, koma osalimvetsa. Tsopano ana athu a kuno ku Dzaleka ndi ku Ntchisi apita ku Bunda ndi ku sukulu zina zazikuru, kumene aphunzira za umo zamoyo zidalirana, ndi umo mitundu yao isinthika m'mibadwo. Kodi tidzawayesa bwanji kuti tione ngati amvetsadi?

Ife titi, afunsidwe za kwao. Funso loyamba nali: m'caka ca 1993 dziko lathu linaleka kupereka klorokwini kwa odwala malungo, popeza sanali kuciritsanso. Cifukwa ninji? Woloweza adzati, tizirombo tinazolowera mankhwala. Koma womvetsa adzati, tizirombo sitinali tofanana tonse. Mankhwala anapha tofoka, ndipo tolimba tinatsala ndi kuswana, kufikira tinacuruka. Ameneyu sadzazizwa pakumva kuti mu 2005 ofufuza a ku Blantyre anapeza klorokwini alikuciritsanso ana, pakuti atacoka mankhwalawo, tolimba tija tinalibenso mwai woposa tinzace, ndipo tinacepa.

Nzeru iyi siiri yacilendo kwa ife. Amai athu posankha mbeu apatula cimanga ca maso akuru, podziwa kuti mbeu ibala zofanana nayo. Charles Darwin yemwe, m'buku lace la 1859, anayamba ndi oweta nkhunda ndi zifuyo zina.

Funso laciwiri nali: tikadula nkhalango ya pa phiri la Ntchisi, cidzaoneka nciani kumadimba a kunsi? Wakuti "mitengo idzatha" sanayankhe kanthu. Womvetsa adzalondola njira yonse: masamba akugwa afunditsa nthaka, nthaka imwa mvula, ndipo akasupe aturutsa madziwo pang'onopang'ono m'cilimwe. Ikacoka mitengo, mvula ikokolola nthaka, mitsinje iphwa msanga, ndi ndiwo za m'dimba zifota.

Mlandu uwu suli waung'ono, pakuti ana omwewa ndiwo adzakhala alangizi a minda yathu ndi osunga nkhalango zimene Mlengi anatisungitsa. Cifukwa cace, inu akuru a mpingo ndi makolo, mwana akabwera ku chuti musakhutire ndi pepala lace lokha. Mukani naye kumunda, mumuonetse kaufiti m'cimanga, ndi kumfunsa cifukwa cace acuruka pa nthaka yoguga. Akalongosola m'mau akumveka kwa agogo ace, pamenepo waphunziradi.