Chigayo sichisankha

Ntchito yanga ndi yogaya. Makasitomala anga ndi a kuno ku Mitundu ndi ena ochokera chakumbali ya Nathenje, uyu ndowa pamutu, uyo thumba pa njinga. Anthu ambiri amayesa kuti luso la wachigayo ndi kudziwa injini, kukunga lamba ndi kusintha sefa ikabooka. Ine ndimati luso lenileni lili pa kamphindi kaja kopisa dzanja m'ndowa usanathire. Chigayo sichisankha. Kanjere kachilendo kamene mayi akanakaona pa lichero n'kukataya, kakangodutsa pa nyundo kasanduka ufa, ndipo palibenso diso lingakapeze.

Njere zimene zimandidetsa nkhawa n'za zomera za m'banja limene akatswiri amalitcha Crotalaria. Aliyense wolima amazidziwa ngakhale sadziwa dzinalo: maluwa achikasu, makoko otupa amene akauma amalira ngati maseche ukawagwedeza. Banjali lili ndi mitundu yoposa 600, yambiri ya muno mu Africa, ndipo ina alimi amachita kubzala kuti ibwezeretse chonde m'nthaka. Yambiri mwa iyo ili ndi chiphe chotchedwa pyrrolizidine alkaloids. Chodabwitsa cha chiphechi n'chakuti chimalowa m'thupi chili chogona, chochidzutsa n'chiwindi chenicho. Chiwindi pofuna kuchisungunula kuti chituluke, chimachisandutsa chinthu china chaukali chimene chimawaula khungu lam'kati la timitsempha ta magazi ta m'chiwindimo. Timitsemphato timatupa n'kutsekeka, magazi amasowa kotulukira, chiwindi chimakula n'kumapweteka pansi pa nthiti za kumanja, madzi amadzaza mimba, maso nthawi zina amachita chikasu. Chiphe chimene chapulumuka m'chiwindi chimayenda ndi magazi kudutsa mbali yakumanja ya mtima kukafika m'mapapo, ndipo kumeneko makoma a mitsempha amakhuthala, njira n'kuchepa. Wachigayo aliyense amadziwa kulira kwa injini sefa ikatsekeka ndi chimanga chosauma: imabuula, imatentha, kenako imazima. Mtima nawo umakankha magazi mokakamiza chotero mpaka mbali yake yakumanja kukula ndi kutopa. Za m'mapapozi zaoneka kwambiri pa ziweto, monga akavalo a ku South Africa odya Crotalaria, ndi pa makoswe amene ofufuza anawadyetsa njere za Crotalaria spectabilis m'zaka za m'ma 1960. Pa anthu, chimene chagwetsa ambiri ndi chiwindi.

Ndipo njira imene chiphechi chinadzera nthawi zambiri inali ya chigayo. Mu 1920 madokotala Willmot ndi Robertson analemba za mabanja osauka a dera la George ku South Africa amene ankatupa mimba ndi kufa chifukwa cha buledi wa tirigu wogayidwa pamodzi ndi Senecio, chomera china chokhala ndi chiphe chomwechi. Chapakati pa zaka za m'ma 1970, chilala chitavuta, anthu zikwizikwi a ku Gulran ku Afghanistan anadwala ndi tirigu wosakanikira ndi njere za Heliotropium, nachonso chomera cha chiphe chomwechi. M'zaka zomwezo ku Sarguja ku India, njere za Crotalaria zinalowa m'mbewu yaing'ono yonga mawere athuwa, ndipo mwa anthu 67 odwala, 28 anamwalira.

Anzanga a ntchitoyi amati zimenezo n'za tirigu, ife timadya chimanga. Pa chimanga ndimawavomera. Timakolola chitsononkho chimodzichimodzi ndi manja, n'kutonola, ndiye udzu ulibe polowera. Koma chigayo cha lero sichigaya chimanga chokha. Soya wadzaza msika wa Mitundu uja amazulidwa kapena kumwetedwa mtengo wonse, n'kumenyedwa pabwalo pamodzi ndi chilichonse chimene chinamera naye. Nyemba n'chimodzimodzi, ndipo mawere ndi mapira a chimera njere zake n'zazing'ono moti chachilendo chimabisalamo bwino. Tsono taganizirani amene amamwa phala la soya m'mawa uliwonse. Ndi ana, amene chiwindi chawo chimagonja msanga ku chiphechi, monga anaonera madokotala a ku Jamaica mu 1954 pa ana omwetsedwa tiyi wa zitsamba zakutchire.

Ena amati mbuzi zimadya zomerazi tsiku ndi tsiku koma zili gwa, nafenso timadya zumba, wa m'banja lomweli, kuyambira makolo. Mbuzi ndi nkhosa ndi mboni zosocheretsa pa mlanduwu, chifukwa matupi awo amapirira chiphechi kuposa nkhumba, nkhuku ndi ng'ombe. Ndipo zopetapeta zija timazikankhira pambali, kodi sizipita ku nkhumba ndi nkhuku zomwezo pamodzi ndi madeya? Za zumba, m'banja lalikulu chotere chiphe sichifanana: mitundu ina ili nacho chochepa, ina chochuluka, ndipo kawirikawiri chimaunjikana m'njere kuposa m'masamba. Kuphika nakonso si pothawira. Buledi wa ku George uja anali wophikidwa bwinobwino mu uvuni.

Mtsutso wolemera ndi wakuti kuno sitinamvepo za nthendayi. Koma ikanabwera tikanaizindikira ndi chiyani? Siigwetsa munthu tsiku lomwelo ngati mankhwala a makoswe. Pamapita milungu kapena miyezi, ufa uja unatha kalekale, ndipo mimba yotupa kwathu kuno ili kale ndi eni ake: likodzo, hepatitis B, kachasu, kapena mnansi amene akuti anakudyetsa. Palibe amene angaloze chala chigayo, ndipo kusalozedwako n'kumene kumatichititsa ulesi.

Ndikudziwa mmene zimakhalira magetsi akayaka atazima tsiku lonse, ndowa zitandandana mpaka kumsewu, aliyense akufuna ufa wa nsima yamadzulo. Chimanga ndimathira mosachedwa. Soya, mawere ndi mapira ndimayamba ndatapa dzanja limodzi kuchokera pansi pa ndowa, kumene tinjere tating'ono timakhazikika, n'kuyala pachikhatho kunja kowala. Ndikaona tinjere tosalala, topindika ngati impso, takuda kapena tofiirira, ndimauza mwiniwake kuti: "Amayi, lichero ilo, tapetaninso, malo anu pamzere ndikusungirani."