"Tili bwino" anatsala pang'ono kutinamiza

Amama atatuluka m'cipatala ku Petauke pambuyo pa opaleshoni ya m'mimba, ise ana awo atatu tinapuma. Tinalipila motoka yowapeleka kumudzi, tinawagulila shuga na sopo, ndiyeno tinakwela basi kubwelela ku Lusaka. Pa Nyimba tinagulako na nthoci, mitima ili m'malo.

Tsiku lililonse tinali kutuma foni. "Mwacoma bwanji amama?" Iwo, "Tili bwino mwananga, osada nkhawa." Tikamva zimenezo, tinali kutumiza kandalama pa foni, basi nchito yatha.

Pa tsiku la 5 anesi anatuma foni. Nambala imene tinalemba pa khadi ya amama inali ya acemwali athu a ku Chawama. Anesi sanafunse kuti odwala ali bwanji. Anafunsa kuti, "Bala latupa? Lafiila m'mbali? Likutulutsa mafinya? Thupi likutentha? Mapilisi atsala angati?" Acemwali anangoti kukamwa yasa. Tinali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndipo panalibe funso na limodzi limene tikanayankha.

Tinatumila foni msuweni wathu wa m'mudzi womwewo kuti akaone na maso ake. Anapeza nsalu ya pabala yonyowa komanso yonunkha. Amama anali atagona masiku awili akunjenjemela na mphepo. Mapilisi anasiya kumwa cifukwa anali kuwacititsa mselu. Titawafunsa cifukwa cake sanatiuze, anati, "Mwawononga kale ndalama zambili, anangu."

Msuweni anawakweza pa njinga yamoto madzulo omwewo. Ku cipatala anatsuka bala, anawasinthila mankhwala, ndipo lomba akulima nshawa zawo monga kale.

Zimene tinaphunzila n'zakuti bala la opaleshoni nthawi zambili siliyamba kuvuta munthu akali pabedi ya m'cipatala. Limavuta patapita masiku, munthu ali kunyumba kumene kulibe nesi. N'cifukwa cake ngakhale mayi amene wabeleka bwinobwino amauzidwa kubwelela ku kiliniki pakapita masiku 6, na pakapita milungu 6. Koma kumudzi, kubwelela ku cipatala kumafuna ndalama ya mayendedwe, ndipo makolo athu salola kuoneka ngati katundu kwa ana awo. Moni wathu nawonso ni wotelo: ngakhale munthu amene ali pa mphasa amayankha kuti ali bwino.

Manje ise tinasintha. Pa khadi timalemba nambala ya munthu amene amagona m'nyumba imodzi na wodwala, amene foni yake imakhala na moto. Tikatuma foni timapeleka moni, ndiyeno timafunsa monga anesi aja: mwadya cani lelo, mwayenda mpaka kuti, mapilisi atsala angati? Amama amaseka, amati takhala madokota a pa foni. Koma mapilisi amawelenga, ise tikumvetsela.