Musanagule motoka ya pa mablock, gwirani injini na dzanja

Mu komboni iliyonse muno mu Lusaka muli motoka imodzi yamene inakwera pa mablock kalekale. Na imwe muidziwa. Ku Kanyama ili kuseli kwa bar, ku Mtendere ili pa geti ya ba landlord, kwathu ku Chipata compound mukangopatuka mu Kasangula Road muzaziwerenga mpaka zala kutha. Matayala anaphwa, nkhuku ziikira mazira pa mupando wa kumbuyo, ana asinthana kukhala ba driver. Ambiri tikaiona timati ni scrap chabe. Koma munthu wamene injini yake yafa aiyang'ana na maso ena. Iye penti alibe nayo nchito. Afuna kudziwa ngati mukati muja ikali kulira.

Pa show iliyonse yamene ndimalemba, anthu aona woimba, ma dancer na magetsi. Palibe wamene afunsa kuti ma speaker aja afika bwanji. Kambiri afika mu ka van kakale ka dizilo, monga ka ba mulamu banga. Beve nchito yawo ni kubwereketsa PA system: kitchen party ku Matero, chilanga mulilo ku Kalingalinga, overnight ya tchalitchi ku George. Zonse zikwera mu Toyota Town Ace yakale, ija yamene injini ili pansi pa mupando. Mu October, dzuwa lili phwee, paipi ya radiator inaphulika pa Great North Road pafupi na Heroes Stadium. Munyamata woyendetsa sanaone geji. Injini inawira mpaka inagwira.

Manje ganizani. November na December ndiye nyengo ya maukwati. Ba mulamu banali batalandira kale ma deposit a ma function 6, ndipo ndalamazo zinali zitapita ku renti na ku sukulu ya ana. Kuchita haya Canter Loweruka lililonse kudya phindu yonse. Kubweza deposit kwa mai wamene wakonza kitchen party ya mwana wake kwa chaka chathunthu, uko ni kudzipha dzina mu komboni.

Njira zinali zitatu. Yoyamba, kumasula injini yakufayo, kuipereka ku engineering, kugula ma piston, ma ring, ma bearing na head ina. Yachiwiri, kugula injini ya payokha, zija zobwera mu kontena kuchoka ku Japan kapena ku Dubai, zamene mupeza mu mashopu a ma spare cha ku Panganani na Lumumba Road. Yachitatu, kugula motoka yathunthu yotchipa, yamene thupi inatha koma injini ikali na moyo, kuchotsa injiniyo na kugulitsa zotsala. Ba mechanic bathu, mudala wamene anakulira pansi pa ma minibus, banasankha yachitatu. Ati: "Mulamu, injini ya pa shelefu siikamba. Ya mu motoka izakuuza vonse, ngati uli na matu."

Banali na chifukwa. Injini ya mu Town Ace ija ni 2C, dizilo ya Toyota ya 1,974 cc. Mphamvu ni zochepa, pafupifupi 70 horsepower, pa chitunda muzapitiriridwa na aliyense. Koma ilibe kompyuta. Pampu yake ni ya makina chabe, ifuna waya umodzi wotsegula mafuta, ma heater plug na batire yamphamvu. Ndiye chifukwa chake ma 2C na 3C, ma 3L na 5L a mu Hiace, na TD27 ya mu Nissan Caravan akali kufunidwa ngakhale motoka zake zinachita nguwe. Makanika wa pansi pa mutengo aikonza na masipanala, popanda laputopu. Ndipo mukagula motoka yonse, mutengera pamodzi tuzinthu tonse twamene tumalizitsa ndalama mukamatugula kamodzikamodzi: ma mounting, starter, alternator, radiator, relay ya ma heater plug, ngakhale mabauti.

Motoka yoyamba tinakaiona ku Chawama. Agent anatiuza pa foni kuti ni "start and go", injini 100 peresenti. Inali Corolla ya dizilo, nayo ya 2C. Tinapangana 07:00, tinafika 06:30. Ba mechanic sibanapereke na moni bwino, banangotsegula boneti na kuika dzanja pa injini. Inali yofunda monga mbale ya nsima. Mwini wake ati anali kungochajako batire. Ba mechanic banaseka, ati tiyeni.

Apa ndiye pali nkhani yonse, mveretsani. Dizilo ilibe ma spark plug. Iyaka chifukwa piston ipanikiza mphepo kwambiri, kupitirira ka 20, mpaka mphepoyo itentha na kuyatsa mafuta. Injini ikatha, mphamvu yopanikizayo ithawira m'mbali mwa ma ring, ndipo nthawi yamene ivutika kwambiri ni kuseni ikali yozizira. Ikafunda, ngakhale yodwala ilira bwino. So wogulitsa akaitenthetsa musanafike, wakubisirani mayeso aakulu kupambana onse. Muuzeni kuti muzabwera mailo, asaikhudze.

Ikalira, yang'anani utsi. Wakuda kambiri ni ma nozzle kapena air cleaner, izo zikonzeka. Wa buluu ndiye kuti idya oilo. Woyera wamene suleka, wonunkha dizilo yaiwisi, uonetsa kuti siitentha mafuta bwino. Woyera monga nthunzi ya poto, uku madzi achepa mu radiator, ni gasket kapena head yong'ambika. Masulani chotsekera cha oilo, muchisiye pamwamba osamanga. Chikamavina pang'ono palibe vuto, koma chikamalumpha uku utsi ufuka monga mbaula, ma ring anapita. Oilo yakuda isakuopseni, ya dizilo imada musanga. Opani yooneka monga tiyi ya mukaka. Tsegulani radiator injini ikali yozizira, muone ngati madzi atulutsa thovu ikamalira. Muonenso pampu ngati siinyowa. Kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA yochoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola ibweretsa dizilo ya low sulphur, yabwino ku injini, koma ma seal akale a mu pampu nthawi zina ayamba kudontha nayo.

Corolla ija inali na vuto ina ngakhale ikanapasa mayeso. Dzina ya injini ni imodzi, koma mu Corolla ikhala chopingasa, iyendetsa mawilo a kutsogolo. Mu Town Ace ikhala chotalika, iyendetsa a kumbuyo. Sump, ma manifold na ma mounting zisiyana. Zitheka kusintha, koma ni masiku ena na ndalama zina. Musagule chifukwa chakuti nambala 2C yafanana chabe. Funsani kuti inakhala bwanji mu motoka yake.

Yachiwiri inali ku Kanyama, Town Ace yeniyeni, mutengo wotsika mpaka ba mulamu maso anawala. Ba mechanic banakweza kapeti, pansi panali matope ouma, ndipo mu zitseko munali muzere woonetsa pamene madzi anafika. Mudziwa mwamene Kanyama imakhalira mvula ikagwa. Madzi sapanikizika, ndipo dizilo ikawameza ma conrod apindika. Koma chamene chinatithawitsa si matope. Titafunsa white book, munyamata ati ili na ba uncle ku Kitwe. Titafunsa NRC ya ba uncle, ati foni yawo siipita. Anatsitsanso mutengo pomwepo, osapemphedwa.

Ambiri aganiza kuti popeza motoka izaphwanyidwa, mapepala alibe nchito. Iyayi. Injini ili na nambala yake yodindidwa pa block, ndipo nambalayo ilembedwa mu white book. Mukaika injini ina mu motoka yanu, RTSA ifunika kudziwa kuti isinthe zolembedwa, ndipo apolisi afunika kutsimikiza kuti si yakuba. Ngati motoka ija inabedwa, wakuba atenga ndalama zanu na kuzimitsa foni. Wamene azapezeka na nambala ya injini yakuba pansi pa mupando ni imwe. Motoka ikhala pa polisi, ma speaker akhala pa nyumba, ndipo imwe muzafotokoza za ba uncle ba ku Kitwe bamene simunabaonepo.

Yachitatu tinaipeza konkuno ku Chipata, mayadi ochepa kuchoka pa nyumba. Tinali kuipitirira masiku onse. Ni Lite Ace ya dizilo, ndipo kuyambira 1992 Lite Ace na Town Ace za mutundu uja ni mapasa, zisiyana chabe kumaso. Kumbuyo inagundidwa na thiraki, chitseko chinalowa mukati, road tax inatha kale. Mwini wake banali ba mudala bena bamene banamwalira. Amai ba pa nyumba banali kulola mwana wawo kuiliza kamodzi pa sabata, chifukwa bamuna bawo ndiye mwamene banali kuchitira. Ako kamwambo ndiko kanasunga injini.

Tinafika kuseniseni. Injini inali zii. Ba mechanic banadikira ka laiti ka ma heater kazime, banapotoza kiyi, inalira pa kamodzi. Ka utsi koyera pang'ono, kenaka kanatha. Ka laiti ka oilo kanazima musanga. Chotsekera cha oilo chinangonjenjemera. Ba mechanic sibanakambe kanthu pamaso pa eni ake, banangoniponda phazi.

Motoka zambiri zotchipa mu komboni ni za malemu, ndipo apo pafunika kuyenda bwino. Munthu akamwalira osasiya wilo, katundu wake uyendetsedwa na lamulo ya Intestate Succession Act ya 1989, ndipo wogulitsa afunika kukhala administrator woikidwa na khoti. Mukagula kwa mwana mumodzi mwakabisira, mawa lake muzaona banja yonse pa geti. Amai baja banatulutsa white book, kalata ya ku khoti na NRC yawo mu ka pulasitiki ka shuga. Banatchula K24,000, tinagwirizana K20,000, ndalama ya chilimba ya ba sisi banga. Tinalemba letter of sale, mwana woyamba na ba chairman ba mu section banasaina monga mboni. Amai banapempha chinthu chimodzi: "Bana banga, mukaiphwanyire kwanu. Pano nisaone." Tinaikoka na chitsulo mpaka pa yadi ya ba mechanic.

Mutengo wogulira ni chiyambi chabe, ichi musaiwale. Injini ikali panja, sinthani timing belt. Pa ma injini awa Toyota inaika kuti isinthidwe pa 100,000 km, ndipo palibe wamene angakuuzeni zoona kuti inasinthidwa liti. Ikaduka, ma piston amenya ma valve, mwabwerera pamene munayambira. Ife tinasinthanso water pump, thermostat, ma seal, ma filter, oilo na mapaipi onse a madzi, chifukwa paipi ndiyo inapha injini yoyamba. Izo zinadya K3,500, ba mechanic K2,500. Gearbox, starter na pampu yakale tinasunga. Zitseko, windscreen, mipando na diff zinagulidwa pang'onopang'ono, zinabweza K7,000 mu miyezi iwiri. Chigoba chinapita kwa ogula scrap pa sikelo. Musachisunge ati tizaona. Chisunga madzi na udzudzu, ndipo ba landlord bazayamba kukuwerengerani renti ya malo. Oilo yakale ikani mu chigubu, osathira mu ngalande, chifukwa anzathu ambiri akali kutunga pa zitsime zosazama.

Kuli ena bamene motoka yawo ni ya petulo, manje bafuna kuikamo dizilo ati basunge ndalama ya mafuta. Werengani kawiri. Kuyambira 2022 ERB inayamba kulengeza mitengo ya mafuta mwezi na mwezi, ndipo kusiyana kwa petulo na dizilo sikukhala pamodzi. Nchito nayo ni yaikulu. Gearbox ifunika yogwirizana na injini, thanki itsukidwe, paikidwe paipi yobweza mafuta na filter yopatula madzi. Mabuleki nawo afuna vacuum pump, chifukwa dizilo siipanga vacuum monga petulo. Mukaiwala ako, muzadziwira pa ma robot. Ngati mwalimba mutima, apo ndiye pofunika kwambiri kugula motoka yathunthu ya mutundu umodzi na yanu, kuti zonse zichoke pamodzi.

Town Ace inatuluka pa yadi patapita masiku 5. Ba mulamu banafuna kuthamangira ku function, ba sisi banabisa kiyi mpaka mapepala atatha. Banatenga white book zonse ziwiri, letter of sale na makope a NRC, banayamba ku polisi, kenaka ku RTSA kuti motoka ionedwe na nambala yatsopano ilembedwe. Zinadya masiku na nsapato. Pa ma function 6 aja, imodzi inapita na Canter ya haya, zisanu zinapita na Town Ace. Ikali yochedwa pa chitunda, ikali na fungo ya dizilo mu kabini, ndipo manje pa dashboard pali pepala yolembedwa na marker, ya munyamata woyendetsa: yang'ana geji.