Dzina limene wanyamula

Mwana wanga Danieli,

Bambo ako anakupatsa dzina lolemera, ndipo sindikufuna ukafike nalo ku Johannesburg usakudziwa chimene lili nacho m'kati. Ndi dzina la Chihebri. "Dan" ndi kuweruza, "i" wapakatiyo akuimira "wanga", ndipo "El" ndi Mulungu, yemwe timamumvanso mwa Samueli ndi Ezekieli. Tikalumikiza likuti: Mulungu ndiye woweruza wanga.

Anthu akamva za kuweruza amaganiza za chilango basi. Koma katsegule Genesis 30. Rakele anali wosabereka, mkulu wake Leya akungobereka ana aamuna. Biliha, mdzakazi wa Rakele, atamubalira mwana, Rakeleyo anamutcha Dani, poona kuti Mulungu wamva kulira kwake ndipo wamuweruzira mlandu. Woweruza ali m'dzina lakoyu amamvera dandaulo la munthu wonyozeka, namuimirira pamene palibe mbale pafupi. Kumene ukupitako udzamufuna kwambiri.

Mfumu Davide anali ndi mwana wa dzina lakoli, wobadwa kwa Abigayeli ku Hebroni, koma amene bambo ako ankamuganizira ndi mnyamata uja anatengedwa ku Yerusalemu kupita ku Babulo, cha m'ma 605 Khristu asanabadwe, Yehoyakimu ali mfumu ya Yuda. Mfumu Nebukadinezara analamula Asipenazi, mkulu wa adindo ake, kuti asankhe anyamata anzeru aphunzire chinenero ndi zolemba za Akasidi zaka zitatu. Anayamba n'kuwasintha mayina. Danieli anamutcha Belitesazara, dzina limene mfumu inanena yokha kuti likutsata dzina la mulungu wake. Anzake Hananiya, Misaeli ndi Azariya anasanduka Sadrake, Mesake ndi Abedinego, ndipo zimandikhudza kuti mpaka lero ana a Sande sukulu amawadziwa atatuwa ndi mayina aukapolo, osati amene anapatsidwa kwawo.

Tsono ona zimene Danieli anavomera. Chinenero anaphunzira. Ntchito ya mfumu yachilendo anagwira ndi mtima wonse, mpaka m'masiku a mfumu Koresi. Akamuitana ndi dzina lachilendolo sitimva kuti anakangana nawo. Anakana chinthu chimodzi, chakudya ndi vinyo wa pa tebulo la mfumu, ndipo pokanapo sanachite mwano. Anapempha kapitawo mwaulemu kuti awayese masiku khumi akudya zamasamba ndi kumwa madzi. Malirewo anawaika pa tsiku limene anali wamng'ono, wopanda udindo, wosavuta kumuchotsa. N'chifukwa chake atakalamba, m'nthawi ya mfumu Dariyo, anzake a nsanje anafufuza ntchito yake osapezamo chinyengo ngakhale ulesi. Chomugwirira chinangotsala pemphero lake, lomwe ankapemphera katatu pa tsiku mazenera otsegula cha ku Yerusalemu.

Iwenso abwana akakakufupikitsa dzina chifukwa lilime lawo lakana, uyankhe, palibe chatayika. Chizulu uphunzire msanga. Ntchito yaing'ono usainyoze. Koma zimene sudzachita uzisankhe panopa, njala isanakupeze. Zikalata zachinyengo usagule, ngakhale akuuze kuti aliyense amatero. Katundu amene sukudziwa za m'kati mwake usanyamulire munthu. Chenji cha abwana ubweze chonse, chifukwa amene akuwerengera si iwowo ayi.

Oweruza adzakuchulukira, mwana wanga. Anzako adzakuweruza ndi nsapato ndi foni, a pa Facebook ndi zithunzi. Koma oopsa kwambiri tidzakhala ife a kuno kwanu. Anthu adzayamba kundifunsa pa chitsime kuti watumiza chiyani, adzandionetsa malata a ana a anzanga, ndipo achibale ena adzakuimbira kuti waiwala kumudzi. Mawu otere ndi amene amakankhira ana abwino m'njira zokhota, pofuna kuti makolo awo asachite manyazi. Ndikukumasula lero lino. Mwezi ukakuvuta undiuze zoona, ndidzadya zimene ndalima. Ndalama imene sungathe kutchula gwero lake ukagwada, usanditumizire, sindidzaifuna. Ine ndine mayi ako, koma mlandu wa moyo wako suli m'manja mwanga.

Ndipo tsiku limene adzakubera malipiro kapena kukutukwana chifukwa ndiwe mlendo, usabwezere ndi dzanja. Upite kwa akulu a mpingo ndi kwa anzathu a kuno amene anakhalitsa kumeneko, akuuze njira yoyenera yodandaulira, ndipo zotsalazo uzisiye kwa Woweruza wako.

Kalata yako ya mpingo ndaiika m'thumba la m'kati mwa chikwama, pamodzi ndi pasipoti. Ukaipereke Lamulungu loyamba, usadikire kuti ukhazikike kaye. Mukadutsa pa Beitbridge undiimbire, ngakhale ukhale usiku.

Ndine mayi ako wokukonda.