Zigoli Ziwiri M'masewero 142

Achinyamata anzanga mwa Khristu, sabata ino ndikufuna kuti tisinkhesinkhe limodzi za moyo wa katswiri wina wa mpira wamiyendo, Lilian Thuram, amene ankatchinga kumbuyo mu timu ya dziko la France. Ndimakonda mpira, ndipo monga ambiri a inu ndimasunga maina a ogoletsa zigoli pamtima. Koma mbiri ya munthu ameneyu imandifunsa funso limene sindingalithawe: kodi ntchito imene anthu saiwombera m'manja ili ndi phindu lanji?

Thuram anabadwa pa 1 Januwale 1972 pa chilumba cha Guadeloupe, ndipo ali ndi zaka 9 anasamukira ku dziko la France pamodzi ndi amayi ake. Anatchuka koyamba mu timu ya Monaco. Mu 1996 anapita ku Italy kukasewera mu timu ya Parma, kumene mu 1999 anatenga chikho cha UEFA Cup ali limodzi ndi Fabio Cannavaro komanso goloboyi Gianluigi Buffon. Mu 2001 analowa Juventus, ndipo mu 2006 anapita ku Barcelona ya ku Spain. Dziko lake analisewerera masewero 142, chiwerengero chimene panalibe wochiposa mpaka pamene Hugo Lloris anachipitirira mu 2022. M'masewero onsewo anagoletsa zigoli ziwiri zokha.

Chodabwitsa n'chakuti zigoli zonse ziwirizo zinabwera usiku umodzi. Panali pa 8 Julayi 1998, pa bwalo la Stade de France, m'ndime ya semifainolo ya mpikisano wa chikho cha dziko lonse. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, Davor Šuker wa dziko la Croatia anagoletsa, ndipo chinachititsa ndi Thuram, amene anachedwa kusuntha ndi anzake, motero Šuker sanali pa ofusayidi. Patangopita mphindi imodzi, Thuram yemweyo anabweza chigolicho. Kenaka anagoletsa chachiwiri, nagwada pansi, chala chili pamlomo, ngati munthu wosamvetsa zimene zamuchitikira. France inapambana 2-1, ndipo pa 12 Julayi inagonjetsa Brazil 3-0 n'kutenga chikho.

Anthu ambiri akamva dzina lake amakumbukira usiku umenewo. Ine mtima wanga umapita ku masewero 141 otsalawo. M'menemo ankathamangira kumbuyo pamene ena akuthamangira kutsogolo, ankatseka mipata, ankalanda mpira, ankadzuka akagwetsedwa. Chigoli chimene chalephereka sichilembedwa paliponse. Komabe mu mpikisano wa 1998, pa masewero 7, France inagoletsedwa zigoli ziwiri zokha, chifukwa cha khama la Thuram, Laurent Blanc, Marcel Desailly, Bixente Lizarazu ndi goloboyi Fabien Barthez. Popanda iwo, zigoli za Zinedine Zidane m'ndime yotsiriza sizikanakhalapo, pakuti timuyo sikanafika n'komwe kumeneko.

Apa ndimaganiza za Yosefe Woyera. M'mabuku anayi a Mthenga Wabwino mulibe mawu ngakhale amodzi otuluka pakamwa pake. Timangomuona akugwira ntchito: akulandira Maria, akuthawitsa Mwana kupita ku Ejipito usiku, akulera banja ndi manja ake. Iye anateteza Mpulumutsi, ndipo n'chifukwa chake Eklezia amamutcha mtetezi wake.

Nanga ife pa parishi yathu? Tonse timasirira woimba yekha pa kwaya kapena wowerenga mawu pa guwa tsiku la chaka chachikulu. Koma alipo wina amene amasesa tchalitchi Loweruka, wina amene amaphunzitsa ana katekisimu sabata ndi sabata, wina amene amayendera odwala a mu mphakati wake popanda womutuma. Alipo mtsikana amene amaphikira abale ake asanapite kusukulu. Ngati tileka ntchito zoterezi chifukwa palibe wotiyamika, Mpingo udzafooka ndipo mabanja athu adzagwedezeka. Ambuye Yesu anatiphunzitsa kuti Atate amaona ngakhale zochitika mobisika. Tisamayeze moyo wathu ndi tsiku limodzi la ulemerero. Likabwera, tililandire modzichepetsa. Likapanda kubwera, utumiki wathu sunatayike.

Mapeto a Thuram pa bwalo nawo anali achete. Atatenganso chikho cha mayiko a ku Ulaya mu 2000 ndi kufika m'ndime yotsiriza ya chikho cha dziko lonse mu 2006, anafuna kulowa timu ya Paris Saint-Germain mu 2008. Pomupima, madokotala anapeza vuto mu mtima wake, ndipo anasiya mpira ali ndi zaka 36. Chaka chomwecho anakhazikitsa bungwe lophunzitsa anthu kuipa kwa tsankho lotengera khungu. Anasiya kuteteza golo, nayamba kuteteza ulemu wa anthu anzake.

Sabata ino, aliyense wa ife asankhe ntchito imodzi yabwino imene palibe amene adzamuthokoze, aichite bwino ndiponso mosangalala. Ndipo tikakumana ndi wina wotumikira mwachinsinsi pakati pathu, timuuze kuti zikomo.

Tipemphere. Inu Atate achifundo, tipatseni mtima wokhulupirika pa zinthu zazing'ono, kuti tikutumikireni popanda kufunafuna chitamando cha anthu. Yosefe Woyera, mutipempherere ife. Amen.