Keyala ya foni ku Chunga

Ndili mwana ku Chunga, nyumba yathu inalibe keyala. Kalata za agogo zochokera ku Chipata zinkadzera ku bokosi la positi la kuntchito kwa atate, n'kufika kunyumba zili m'thumba la malaya awo. Mabanja angapo a mumzere mwathu ankabwereka keyala yomweyo, ndipo atate sanakanizepo munthu. Intaneti inalowa m'Zambia mu 1994 kudzera ku Zamnet, pa University of Zambia, koma ife a kukomboni tinaiona mochedwa, m'makafe a ku Matero.

Lero m'nyumba yomweyo muli rauta pamwamba pa kabati, ndipo foni iliyonse imafuna keyala yakeyake kuti ilowe pa Wi-Fi. Rauta ndiyo imagawa manambalawo, oyamba ndi 192.168, koma imangobwereketsa kwa kanthawi. Ine ndinadziwa zimenezi mu 2024, chaka chimene madzi anachepa ku Kariba, malaiti n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Usiku wina atayaka, mwana wanga wamkazi anathamangira kutumiza ntchito ya kukoleji. Bandulo inalipo, Wi-Fi ikuoneka bwinobwino, koma foni inangoima pa mawu akuti "Obtaining IP address". Pa laputopu panatuluka nambala yoyamba ndi 169.254, imene kompyuta imadzipatsa yokha ikapempha keyala osayankhidwa. Mwanayo anagona ndi misozi, ine mtima uli kuwawa.

Tinkazimitsa rauta n'kuyatsanso, zinkatheka pang'ono, mawa lake zomwezo. Kenako mwana wa mlongo wanga, amene amakonza mafoni, anatsegula mndandanda wa m'rautamo.

"Amalume, taonani. Amene anakuikirani anasiya makeyala ochepa, ndipo onse atengedwa. Pasiwedi yanu yafika mzere wonse. Isintheni, musauzenso munthu."

Apo ndinakana. Amayi a pakhomo loyandikana ndi lathu ndiwo ankatipalira moto pambaula masiku onse a mdimawo. Ndingamane bwanji ana awo? Tinawonjezera makeyala, tinafupikitsa nthawi yobwereketsa kuti foni ikachoka keyala ibwerere msanga, ndipo pasiwedi yatsopano tinapatsa mabanja amene timasonkha nawo ya bandulo. Foni ya mwana wanga sinaimenso.

Anzanga a ku Chunga, foni ikakana kulowa musathamangire kugula rauta ina. Yambani mwaona amene ali pamndandanda, mukhale pansi mugwirizane.