Chisanu cha ku Nyimba ndi ku Petauke Chimalowera ku Mapazi

Munthu wochokera ku Lusaka akafika pa mlatho wa Luangwa, atayenda makilomita ngati 230, amaganiza kuti walowa m'dziko losadziwa chisanu. Pamlathopo pamatentha ngakhale m'mwezi wa Juni, ndipo amayi ogulitsa nsomba zouma ndi madengu amakhala akufunafuna mthunzi. Koma msewu wa Great East ukayamba kukwera mapiri a ku Kacholola, kukhotakhota ngati njoka yothawa lupsa, mphepo imasintha pang'onopang'ono. Pa Nyimba, pomwe nthochi zimakulonjerani pa zenera la basi musanatsike n'komwe, mumapeza ogulitsa a m'mamawa atafunda zitenje ziwiriziwiri. Mukapitirira, kudutsa mphambano ya ku Minga ndi kukhotera ku boma la Petauke, mwakwera pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo kumeneko mwezi wa Julaye suchita nthabwala ndi munthu.

Chisanu chathu sichili ngati cha ku Ulaya kumene madzi amauma gwa. Usiku kuzizira kumafika pa madigiri 10, mwina kutsikirapo, koma masana dzuwa limawala mpaka munthu kuvula jekete. Wokhala m'nyumba amangowonjezera bulangete, nkhani yatha. Mlenje ndiye amachidziwa bwino chisanuchi, pakuti iye amadzuka tambala woyamba ndi kulunjika kumene kumazizira koposa. Mpweya wozizira ndi wolemera kuposa wofunda, tsono usiku umatsetsereka m'mapiri ndi kukagona m'madambo ndi m'makwawa, komwenso nyama zimabwera kudzamwa madzi. Udzu wa m'dambo umakhala uli noninoni ndi mame. Mukayendamo mphindi khumi zokha, buluku lanyowa mpaka m'mawondo, madzi alowa m'nsapato. Ophunzira amatiuza kuti madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya maulendo pafupifupi 25. Ichi ndicho chifukwa chake munthu wa mapazi onyowa pa madigiri 10 amavutika kuposa mnzake wa mapazi ouma pa malo ozizira kwambiri.

Alenje a masiku ano ndani kodi? Kale agogo athu Ansenga ankapita ku uzimba ndi mikondo, mauta ndi agalu, ena ndi mfuti za gogodera. Lero nyama zili m'manja mwa lamulo. Kumadzulo kwa mtsinje wa Luangwa, m'dziko la mafumu Luembe ndi Nyalugwe, kuli nkhalango ya West Petauke, ndipo kumpoto, kwa mfumu Sandwe, kuli ina yochita malire ndi South Luangwa National Park. M'nkhalango zoterezi munthu amasaka pokhapokha ali ndi chilolezo. Kuyambira mu 2016 woyang'anira zimenezi ndi Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA potsatira lamulo la mu 2015. Ambiri amene ankasaka mozemba anapereka mfuti ndi misampha yawo ku bungwe la COMACO, lomwe linayamba mu 2003, nasanduka alimi ndi oweta njuchi. Tsono oyenda m'thengo m'mamawa ndi awa: alenje a chilolezo, otsata mapazi a nyama amene amaperekeza alendo ochokera ku America ndi ku Ulaya, masikauti a m'midzi amene amagona kuthengo masiku angapo akulondera, ndiponso, tisaiwale, gulu lalikulu kuposa onsewa, ndilo anyamata okumba mbewa m'minda yokololedwa. Mungaseke, owerenga okondedwa, koma kuno kummawa mlenje wa kapuku ndi mlenje ndithu, ndipo mapazi ake amazizidwa mofanana ndi a mlenje wa njati.

Tiyambe ndi masokosi, pakuti ndiwo amanyozedwa. Munthu amasunga ndalama miyezi itatu kuti agule jombo, koma masokosi amangotola alionse otsika mtengo. Ambiri mwa otsika mtengowo ndi a thonje. Thonje ndi mbewu yathu, yaphunzitsa ana ambiri a ku Petauke, koma kuphazi la mlenje silithandiza. Likamwa thukuta kapena mame limagwira madziwo osawataya, limamatirira pakhungu, ndipo phazi limakhala ngati lakulungidwa m'nsanza yonyowa. Ubweya wa nkhosa ndi wosiyana. Ulusi wake ndi wopotanapotana, umasunga mpweya wofunda pakati pake, ndipo umatha kumwa madzi okwana pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake usanayambe kumveka kunyowa. Ngakhale utanyowa umafundabe ndithu.

Masokosi a ubweya amapezeka, makamaka pa salaula, pakuti mabelo a zovalazi amachokera ku maiko ozizira. Pa msika wa Petauke kapena wa Nyimba khalani pansi, fukulani mulu mosafulumira, funani okhuthala, ofika pakatumba, amene chidendene chake sichinaperepeseke. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: alipo ena ooneka ngati ubweya pomwe ndi ulusi wa pulasitiki. Njira yodziwira ndi yapafupi. Kaulusi ka ubweya weniweni mukakayatsa ndi machesi kamanunkha ngati tsitsi lopsa ndi kusanduka phulusa lofumbutuka, pamene ka pulasitiki kamasungunuka ndi kuuma kambulunga kolimba. Koma pemphani kaye kwa mwini katundu, mungayambitse mlandu pamsika.

Wokhoza avale awiri: opyapyala a nayiloni m'kati, a ubweya kunja. A m'katiwo amapereka thukuta kwa a kunja, ndipo kukhulana kumachitika pakati pa masokosi awiriwo m'malo mwa pakhungu, motero matuza amachepa. Komabe kuunjika masokosi atatu kapena anayi m'nsapato yothina ndi kudzinamiza. Chofunditsa phazi ndi magazi oyenda momasuka ndiponso mpweya wokhala pakati pa ulusi. Mukafinya zonsezi, phazi limachita dzanzi msanga kuposa la munthu wovala sokosi limodzi. Ndipo amene alibe ndalama ya masokosi asachite manyazi kung'amba bulangete lakale ndi kukulunga mapazi. Asilikali a ku Russia anakhala akukulunga mapazi ndi nsalu m'malo mwa masokosi kwa zaka mazana, mpaka mu 2013, ndipo kwawoko chisanu ndi chenicheni. Chofunika ndi kukulunga mosasiya makwinya.

Za nsapato, mudzi uliwonse uli ndi akatswiri ake otsutsana. Achikulire ena amaumirira nkhwaira za matayala, amati sizichita phokoso, sizitha, ndipo zikanyowa zimauma nthawi yomweyo. Akunena zoona, koma nkhwaira siiteteza ku minga, ndipo mphiri, imene imakonda kugona duu panjira osathawa munthu, imaluma phazi kapena mwendo wa m'munsi. Ena amatama jombo za ku migodi, zimene abambo athu ankabwera nazo kuchokera ku Kitwe, ku Wankie ndi ku Joni. Izo n'zolimba zedi, koma zinapangidwira munthu woopa mwala womugwera pachala. Chitsulo cha kutsogoloko chimalemera, chimazizira, ndipo pa masamba ouma a mwezi wa Julaye nswala imakumverani muli kutali.

Magambutsi ndiwo mfumu ya m'dambo, pakuti mame salowa. Vuto lake ndi lakuti thukuta nalonso silituluka. Dzuwa likakwera phazi limasambira m'madzi ake omwe, ndipo mukadzakhala pansi kudikira nyama madziwo amazizira. Wovala magambutsi ayenera kuika kachidutswa ka bulangete pansi pa phazi ndi kunyamula masokosi ena ouma m'thumba la pulasitiki, oti asinthe dzuwa likafika pamutu. Kwa ine, pa dziko ngati lathuli, yopambana ndi jombo yachikopa yopepuka, yophimba akakolo, ya mphira wofewa kunsi kwake. Akakolo ndi nkhani yaikulu kuchigwa: njovu ndi njati zimaponda m'makande nthawi ya dzinja, matopewo n'kuuma ngati njerwa, ndipo munthu woyendamo mbandakucha sachedwa kubinya mwendo. Nsapato za safari za kampani ya Bata, zimene ambiri timazidziwa, n'zopepuka ndiponso zachete poyenda, koma chikopa chake chofewacho chimamwa mame, motero zimayenera pouma. Alenje a ndalama amavala za Courteney zosokedwa ku Bulawayo, ife tingoziyang'ana.

Pogula jombo pitani madzulo, mapazi atatupa ndi kuyenda kwa tsiku lonse, ndipo muyese mutavala masokosi omwe mudzapite nawo kuthengo. Kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale malo okwana chala chamanthu cha kudzanja, zala zizitha kugwedezeka, koma chidendene chisamavuke poyenda. Nsapato yatsopano isayambire ulendo wautali. Iyambe yazolowera njira ya kumunda ndi ya kuchigayo.

Wina anganene kuti tikukulitsa nkhani, kuzizidwa mapazi si matenda. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, asilikali zikwizikwi amene ankakhala m'maenje a matope ku France ndi ku Belgium anatupa mapazi, khungu linayera ndi kufa, ena mpaka kudulidwa zala, pomwe madziwo sanali ouma ndi chisanu ayi. Anali mapazi onyowa, ozizira, otsekeredwa m'jombo usana ndi usiku. Akuluakulu a nkhondo anachita kulamula kuti msilikali aliyense azisintha masokosi, azipaka mafuta, ndiponso kuti mapazi aziyenderedwa monga ziyenderedwa mfuti. Sikauti wogona m'mbali mwa Lukusashi masiku asanu osavula jombo akuyenda njira yomweyo, ngakhale kuti nthawi zambiri zimathera pa zilonda za pakati pa zala ndi zikang'a zotuluka magazi. Koma bambo wa pabanja akalephera kuponda pansi milungu iwiri, ndani apalase njinga kupita ndi wodwala kuchipatala, ndani atute chimanga?

Ngozi ina ili pamoto. Mlenje wobwera ndi mapazi adzanzi amathamangira kuwaika pafupi ndi makala, ndipo popeza sakumva kanthu amapsa osadziwa. Odwala matenda a shuga achenjere koposa, chifukwa mapazi awo amamva pang'ono kale, ndipo chilonda chawo chimachedwa kupola. Vulani zonyowa, pukutani mapazi, valani zouma, otherani patali. Kachasu naye ndi wonyenga: amatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumva ngati wafunda, pomwe kutentha kukuthawa m'thupi. Phala lotentha, mbatata yootcha ndi chipewa kumutu zimathandiza mapazi kuposa botolo, pakuti thupi likazizidwa pachifuwa limachepetsa magazi opita ku zala kuti liteteze za m'kati. Jombo nazo zisaumikidwe pamoto, chikopa chimauma ndi kung'aluka. Ikanimo manyuzipepala kapena makoko ouma a chimanga, muziike pamphepo, zikauma muzipake mafuta. M'mawa gugudani musanavale, pakuti chinkhanira nacho chimafuna pofunda.

Makolo, yang'anani anyamata anu a mbewa. Ambiri amanyamuka opanda nsapato, ena ndi mapatapata, kukayenda pa lupsa pomwe zitsa zimanyeka pansi pa phulusa mpaka tsiku lotsatira. Kutentha tchire chifukwa cha mbewa n'koipa kale, kumawononga udzu wofolera ndi chonde cha m'munda, koma mwana akaponda chitsa chotere ndi nsapato ya pulasitiki, imasungunuka ndi kumamatira pakhungu. Nsapato zakale za kusukulu, ngakhale zong'ambika, ndi masokosi a bambo ake otha ntchito, n'zokwanira kumtetezera ku zambiri.

Pofika Okutobala, pamene Ansenga amasonkhana kwa Kalindawalo pa mwambo wa Tuwimba, chisanu chimakhala chitaiwalika, ndipo kuchigwa mchenga umawotcha phazi ngakhale m'kati mwa jombo. Nthawi imeneyo masokosi a ubweya achapidwe ndi madzi ozizira, pakuti otentha amawafupikitsa, ayanikidwe pamthunzi, ndipo asungidwe m'chitini chotseka bwino kuti njenjete zisawapeze Meyi asanafike.